Kukamwa mowa wamoyo mu pub yakale ya ku England

Munthu amene akulowa koyamba mu pub (nyumba yomweramo mowa) yakale ya ku England kawirikawiri amalakwitsa zinthu ziwiri mphindi zisanu zisanathe. Amakhala patebulo n'kumadikira kuti wina abwere kudzamufunsa chimene akufuna, pamene m'nyumba zoterezi mulibe wantchito woyendera matebulo a anthu omwa. Kenaka, akapatsidwa mowa umene eni ake amautcha real ale, amaulawa kamodzi n'kugamula kuti ndi wofunda, wopanda mpweya, ndipo mwina wagonera. Kukhumudwa konseku kumabwera chifukwa chosadziwa mmene mowawu umapangidwira ndi mmene nyumba yougulitsa imayendera, ndipo zonse ziwiri munthu angazimvetse asananyamuke n'komwe.

Mowa umene umapsera m'chipinda chapansi

Mowa wambiri wogulitsidwa padziko lapansi umachoka kufakitale utapsa kale, wosasinthanso. Yisiti yonse imasefedwa, nthawi zambiri mowawo umatenthetsedwa kuti musatsale chamoyo chilichonse, kenaka umatsekeredwa m'mabotolo, m'zitini kapena m'migolo yachitsulo yotchedwa keg, ndipo pogulitsa amaukankha ndi mpweya wochokera m'silinda. Real ale suyenda njira imeneyo. Wofulula amatenga chimera cha balere, madzi, yisiti ndi maluwa a chomera chotchedwa hops amene amapatsa mowa kuwawa ndi fungo, ndipo mowawo ukawira koyamba amauthira mumgolo wotchedwa cask yisiti idakali yamoyo, pamodzi ndi shuga wochepa amene sanathe kudyedwa. Mumgolomo mowa umapitiriza kuwira mwakachetechete, kotero kuti timpweya tochepa timene mudzamve palilime tidzakhala topangidwa ndi yisiti yomweyo, osati topoperedwa ndi makina.

Izi zikutanthauza kuti wofulula amagwira gawo chabe la ntchito, ndipo gawo lotsalalo amalisiya m'manja mwa mwini pub kapena munthu wosamalira chipinda chapansi. Mgolo wofala kwambiri, wotchedwa firkin, umalowa magaloni 9, amene ndi mapainti 72 kapena malita pafupifupi 41. Ukafika amaugoneka cham'mbali pathandala n'kuusiya kuti ukhazikike. Pamimba pake, mbali yoyang'ana kumwamba, pali chotsekera chimene amachiboola n'kulowetsapo kachikhomo ka mtengo wofewa kuti mpweya wopyola muyeso uzituluka, ndipo mowa ukadekha amaikapo kachikhomo kolimba kosatulutsa mpweya. Kutsogolo kwa mgolowo amakhomerako mpopi ndi nyundo. Ofulula ambiri amathiramonso madzi oyeretsera otchedwa isinglass, opangidwa kuchokera ku kathumba ka mpweya ka m'mimba mwa nsomba, amene amakokera yisiti pansi kuti mowa uyere. Munthu amene sadya chilichonse chochokera ku nyama kapena nsomba ayenera kufunsa za zimenezi, pakuti masiku ano ulipo mowa wina umene sauthira isinglass, ndipo umaoneka wa mbuu mwadala.

Chipinda chapansicho chimasungidwa pa madigiri 11 mpaka 13, ndipo kumeneko ndiko kufunda kumene alendo amadandaula nako. Mowawo si wofunda ayi, wangokhala wosazizira ngati wa m'firiji, chifukwa kuzizira kwambiri kumabisa kukoma kwa chimera ndi fungo la hops, zimene munthu wabwerera. Koma mfundo yaikulu kuposa zonse ndi yakuti mgolo ukangoyamba kugulitsidwa, malo a painti iliyonse yotuluka amalowedwa ndi mpweya wa m'chipindamo, ndipo kuyambira pamenepo mowawo uli ndi masiku atatu okha, mwina anayi, usanayambe kufooka ndi kusasa. N'chifukwa chake mowa umodzi womwewo, wa wofulula mmodzi, ungakhale wokoma kwambiri mu pub ina koma wosamweka mu pub ya tsidya lina la msewu. Amene akufuna real ale wabwino asankhe kaye nyumba ndi wosamalira wake, dzina la mowa libwere pambuyo.

Mowa wamtunduwu unatsala pang'ono kutheratu. Pofika m'zaka za m'ma 1960 makampani asanu ndi imodzi akuluakulu anali atameza ofulula ang'onoang'ono ambiri pamodzi ndi ma pub awo, ndipo ankakonda mowa wa keg chifukwa suchedwa kupsa, suonongeka msanga ndiponso sufuna luso m'chipinda chapansi. Mu 1971 amuna anayi a ku England amene anali patchuthi ku Ireland anayambitsa bungwe lotchedwa CAMRA lolimbana ndi mchitidwewu, ndipo ndi bungwe lomweli limene linapeka dzina lakuti real ale pofuna kusiyanitsa mowa wamoyo ndi wopoperedwa. Kuchokera mu 2002, pamene boma linachepetsa msonkho wa ofulula ang'onoang'ono, mafakitale ang'onoang'ono a mowa anachuluka kwambiri, moti lero mlendo amapeza mayina ambiri kuposa amene angathe kulawa.

Kusankha nyumba yolowamo

Mawu akuti pub ndi chidule cha public house, kutanthauza nyumba yolandira aliyense, ndipo yakale yeniyeni imaonekadi ngati nyumba ya munthu imene mwaloledwa kulowamo: denga lotsika, moto wankhuni kapena wamalasha m'nyengo yozizira, mipando yosafanana, ndi galu wa mmodzi wa omwa atagona pansi pa tebulo. Chikwangwani chojambulidwa chimene chimalendewera panja chili ndi mbiri yake. Mu 1393 mfumu Richard II inalamula ogulitsa mowa kuti aziika chizindikiro panja kuti oyesa mowa aziwapeza mosavuta, ndipo popeza anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, chithunzi ndicho chinali dzina. Red Lion ndilo dzina lofala kwambiri, White Hart linali chizindikiro cha Richard II yemweyo, pamene Royal Oak limakumbutsa za mtengo umene Charles II anabisalamo atagonja pankhondo ya ku Worcester mu 1651.

Mukaona mawu akuti free house pachikwangwani, ndiye kuti mwini wake ali ndi ufulu wogula mowa kwa wofulula aliyense, pamene tied house imamangika kugula kwa kampani imene ili ndi nyumbayo. Musaganize kuti yomangikayo ndi yotsika. Pub ya wofulula wakale wa m'deralo, monga Harvey's ku Lewes, Hook Norton ku Oxfordshire, Adnams ku Southwold kapena Bathams ku Black Country, ingakhale ndi mitundu iwiri kapena itatu yokha, koma migolo yake imatha msanga ndipo wosamalira amaudziwa mowawo ngati mwana wake.

Ma pub ena amatchuka ndi ukale wawo, ndipo ndi bwino kuwaona ngakhale kuti zaka zimene amalemba pakhoma si zonse zimene akatswiri a mbiri amazivomereza. Ye Olde Trip to Jerusalem ku Nottingham imalemba chaka cha 1189, ndipo ngakhale umboni wa chakacho ndi wofooka, zipinda zake zogobedwa m'thanthwe pansi pa Nottingham Castle ndi zenizeni. Mu London, Ye Olde Cheshire Cheese ya ku Fleet Street inamangidwanso mu 1667 moto waukulu wa mu 1666 utapsereza mzindawo, ndipo George Inn ya ku Southwark, imene ili m'manja mwa National Trust, bungwe losamalira nyumba ndi malo akale, idakali ndi makonde amatabwa a m'masiku a ngolo zokokedwa ndi akavalo. Ku Liverpool anthu amalowa mu Philharmonic Dining Rooms kudzaona ngakhale zimbudzi za amuna, chifukwa cha miyala yake ya nsangalabwi. Komabe, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: nyumba yodzaza ndi alendo odzajambula zithunzi, amene ambiri a iwo akumwa vinyo kapena mowa wozizira wa keg, ingakhale ndi mgolo umene wakhala wotsegula sabata yathunthu. M'maganizo mwanga, pub yosatchuka ya m'kamsewu kakumbuyo, momwe anthu a m'deralo amamwa mowa umodzi womwewo madzulo aliwonse, imaposa nyumba yotchuka pa nkhani ya kukoma kwa mowa.

Pali zothandiza posankha. CAMRA imatulutsa buku lotchedwa Good Beer Guide chaka chilichonse, ndipo ma pub olowamo amasankhidwa ndi mamembala a m'dera lililonse, mwini pub osalipira kanthu, choncho chomata cha chaka chino pazenera ndi chizindikiro chodalirika. Chikwangwani cha Cask Marque chimasonyeza kuti oyendera anayesa kazizidwe, maonekedwe, fungo ndi kukoma kwa mowawo. Zikasowa zonsezi, lowani n'kuyang'ana m'manja mwa anthu. Ngati pakauntala pali mipope khumi koma omwa ndi asanu okha, mowa wina pamenepo watopa. Ngati mipope ndi itatu ndipo anthu ambiri agwira matambula a mowa wofiirira, mwafika pabwino. Onaninso nthawi yotsegulira musanapite, makamaka kumidzi, chifukwa ma pub ena amatseka masana ndipo ena satsegula Lolemba.

Pakauntala

Nyumba yakale kwambiri imakhala ndi zipinda zingapo, ndipo mayina ake angakhale olembedwa pagalasi la zitseko. Public bar inali ya anthu ogwira ntchito zamanja, yopanda kapeti ndipo mowa wake unali wotsikirako mtengo. Saloon kapena lounge inali ya ovala bwino. Snug kanali kachipinda kobisika ka amene sankafuna kuonedwa akumwa. Lero mungalowe chipinda chilichonse, koma kulikonse kumene mungakhale, mowa mukautenga nokha pakauntala ndipo mulipira pomwepo. Ngati muli pagulu, ena akagwire tebulo, mmodzi kapena awiri apite kukagula, chifukwa gulu lonse likaima pakauntala limatsekereza ena.

Pakauntala palibe mzere wooneka, komabe mzerewo ulipo m'mutu mwa wogulitsa ndi mwa aliyense amene waima pamenepo. Imani moyang'ana wogulitsa, khadi kapena ndalama zili m'manja, ndipo dikirani kuti maso anu akumane. Kuimba mluzu, kuomba m'manja, kugogoda pakauntala ndi ndalama kapena kufuula ndi mwano waukulu, ndipo wochita zimenezi amadikira nthawi yaitali kuposa onse. Wogulitsa akakulozani pamene mukudziwa kuti wina anafika inu musanafike, mulozereni kwa munthuyo. Kachinthu kakang'ono kameneka ndiko kamene kamasonyeza eni ake kuti mlendoyu ndi waulemu.

Real ale mudzauzindikira ndi zogwirira zazitali zoimirira pakauntala, zimene wogulitsa amakoka ndi mphamvu ya dzanja lake. Mpope umenewu, umene Joseph Bramah anaulembetsa mu 1797, umangokoka mowa kuchokera mumgolo wa pansi popanda kuwonjezera mpweya uliwonse. Timipopi tating'ono tonyezimira, totseguka ndi chala chimodzi, ndi ta keg. Pachogwirira chilichonse pamakhala kachikwangwani konena dzina la mowa, wofulula ndi mphamvu yake m'maperesenti, ndipo kakatembenuzidwa kuyang'ana kwa wogulitsa ndiye kuti mowawo watha kapena sunapse. M'ma pub ochepa a kumidzi mulibe n'komwe mipope, mowa amautunga kuchokera pampopi wa mgolo weniweniwo.

Safunsa anadya phula, ndipo pano kufunsa n'kololedwa. Mukapempha kulawa, wogulitsa amakuthirirani pang'ono m'katambula kwaulere, ndipo kulawa mitundu iwiri n'kwachibadwa, ngakhale kuti kulawa isanu pamene kumbuyo kwanu kuli anthu akudikira ndi kusaganizira ena. Poitanitsa tchulani muyeso ndi dzina la mowa, osangoti mukufuna mowa. Painti ya ku Britain ndi mamililita 568, yaikulu kuposa ya ku America, ndipo mukangotchula dzina la mowa osanena muyeso adzakupatsani painti yathunthu. Theka lake, limene amangoti half, ndi mamililita 284, ndipo lamulo limalolanso gawo limodzi kapena magawo awiri a magawo atatu a painti. Kwa munthu wofuna kudziwa mitundu ingapo usiku umodzi, theka ndilo muyeso wanzeru, ndipo palibe amene angakusekeni. Nthawi zina mudzafunsidwa ngati mukufuna tambula yosalala kapena chikho chagalasi chokhala ndi chogwirira. Kukoma sikusintha, ndi nkhani ya chizolowezi chabe.

Thovu nalo lili ndi nkhani yake, ndipo limagawa dzikolo pakati. Kumpoto, makamaka ku Yorkshire, kumapeto kwa mpope amamangirirako kachotsekera ka timabowo kotchedwa sparkler, kamene kamapanga thovu lolimba ngati mafuta a pamwamba pa mkaka n'kufewetsa kuwawa kwa mowa, pamene kumwera ambiri amakonda thovu lochepa lomasuka. Musalowerere mkangano umenewu, sunathepo. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti mowa ukangothiridwa muusiye pakauntala kwa kanthawi kuti ukhazikike, ndipo ngati thovu latenga malo aakulu muli ndi ufulu wopempha kuti awonjezere, zimene wogulitsa wabwino amachita musanapemphe.

Malipiro ndi a mapaundi, ndipo ma pub ambiri tsopano amalandira khadi, ena salandiranso ndalama zamapepala, ngakhale kuti ochepa a kumidzi amafunabe ndalama zenizeni. Mu London si zachilendo kulipira mapaundi oposa 6 pa painti imodzi, pamene kumpoto ndi m'matauni ang'onoang'ono mtengo umatsika. Wogulitsa sayembekezera ndalama yapadera yothokozera. Mwambo wakale ndi wakuti mukakondwera naye mumanena kuti "and one for yourself", kutanthauza kuti naye adzitengere chakumwa pa ndalama zanu, ndipo iye amawonjezera kandalama kochepa pa bilu.

Mwambo umene mlendo ayenera kuusamala kwambiri ndi wogulirana mosinthana, umene amautcha round. Mmodzi amagulira gulu lonse, matambula akatsala pang'ono kutha wina amanyamuka, mpaka aliyense atagula. Palibe amene adzakukumbutseni kuti nthawi yanu yakwana, koma aliyense akuwerenga, ndipo munthu amene amamwa za anzake n'kutsanzika nthawi yake itayandikira amakumbukiridwa kwa zaka. Ngati simukufuna kumwa kwambiri, nenani pachiyambi kuti muzidzigulira nokha, kapena gulani round yoyamba kenaka muzipempha theka kapena chakumwa chosaledzeretsa. Pagulu la anthu asanu, kutsatira mwambowu mpaka kumapeto ndi mapainti asanu, amene ndi malita pafupifupi atatu.

Mitundu ya mowa ndi kadziwidwe ka wabwino

Woyambira wabwino ndi bitter, umene ndi mowa wa tsiku ndi tsiku wa pub ya ku England. Ngakhale dzina lake likunena za kuwawa, suwawa kwambiri. Ndi wofiirira ngati mkuwa, mphamvu yake imayambira pa 3.5 kufika pa 4.5 peresenti kapena kuposerapo pang'ono, ndipo umayamba ndi kukoma kwa chimera kofanana ndi bisiketi n'kumalizira ndi kuwawa kouma kwa hops wa mitundu yakale monga Fuggle ndi Goldings. London Pride wofululidwa ku Chiswick, Landlord wa Timothy Taylor ku Keighley ndi Sussex Best wa Harvey's ndi zitsanzo zodziwika. Mphamvu yochepayi ndi yadala, pakuti mowawu unapangidwira kumwa pang'onopang'ono madzulo onse anthu akucheza. Mild ndi wakuda, wotsekemera pang'ono, wosawawa ndipo wofooka kuposa bitter. Kale unali mowa wa ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi, koma lero umapezeka makamaka ku West Midlands ndi kumpoto chakumadzulo, choncho mukaupeza musaudutse. Golden ale, wachikasu ndi wonunkhira zipatso, unayamba kufala m'zaka za m'ma 1980 pofuna kukopa ozolowera lager, ndipo ndiwo mlatho wosavuta kwa munthu amene sanalawepo mowa wa mumgolo. Porter ndi stout ndi yakuda bii chifukwa cha chimera chokazinga, ndipo imakumbutsa khofi ndi chokoleti. Samalani ndi mowa wamphamvu wa m'nyengo yozizira monga Old Peculier wa ku Masham, wa 5.6 peresenti, umene umatsika mosalala kuposa mmene mphamvu yake ilili.

Pale ale ndi IPA (India Pale Ale), mitundu ya mowa woyererako wokhala ndi hops wambiri, zinatchukitsa tauni ya Burton upon Trent, imene madzi ake a pansi ali ndi mchere wa gypsum wothandiza kuti kuwawa kwa hops kumveke bwino, moti ofulula a kwina amathira mcherewu m'madzi awo potsanzira a ku Burton. Mukaona kachizindikiro kofiira ka ngodya zitatu pagalasi lakale loonera nkhope kuseri kwa kauntala, dziwani kuti ndi ka Bass wa ku Burton komweko, ndipo ndiko kanali koyamba kulembetsedwa ngati chizindikiro cha malonda ku Britain mu 1876.

Tambula ikafika m'manja, ikwezeni kuyang'ana kuwala. Mowa uyenera kukhala woyera moti n'kuonera zala kuseri kwake, pokhapokha ngati kachikwangwani kananena kuti ndi wa mbuu mwadala. Ununkhizeni, kenaka imwani mkamwa modzaza, osati kunyambita, chifukwa kuwawa kumamveka kumbuyo kwa lilime. Mowa wosamalidwa bwino umakhala wozizira pang'ono, umathetheka mofatsa palilime, ndipo pamene mukumwa thovu limasiya mizere m'mbali mwa tambula. Wowawasa ngati viniga, wonunkha ngati katoni yonyowa, wofunda ngati madzi a padzuwa, kapena wokhala ndi nsenga zoyandama, ndi woonongeka kapena ndi wa pansi pa mgolo. Ubwezeni mwamsanga mutangomwako pang'ono, modekha ndi motsitsa mawu, ndipo pub yabwino imakupatsani wina popanda mkangano, kawirikawiri n'kutembenuza kachikwangwani kaja. Chimene simungabweze ndi mowa wabwinobwino umene mwangoona kuti sukukukomerani, ndipo apa ndi pamene phindu la kulawa musanagule limaonekera.

Kukhala m'nyumbamo

Pub yakale iliyonse ili ndi anthu ake a masiku onse, ndipo ena a iwo ali ndi mpando umene aliyense amadziwa kuti ndi wawo ngakhale sunalembedwe. Mukaona mpando wabwino pafupi ndi moto kapena kumapeto kwa kauntala uli wopanda munthu pamene nyumba yadzaza, funsani kaye. Kukhala patebulo limodzi ndi anthu osawadziwa n'kololedwa malo akachepa, bola mufunse ngati pali munthu. Pakauntala ndi pamene Angelezi, amene pamsewu salankhula ndi munthu wachilendo, amamasuka kuyamba macheza, ndipo nkhani ya nyengo, ya mpira kapena ya mowa umene uli m'manja mwanu imatsegula khomo. Koma anthu okhala patebulo lawo amafuna kusiyidwa. Mwini nyumba, amene amamutcha landlord kapena landlady, ali ndi mphamvu yokana kugulitsa kwa munthu, ndipo lamulo limamuletsa kugulitsa mowa kwa amene waledzera kale. Ma pub ena alibe wailesi yakanema kapena nyimbo, ndipo alipo amene amaletsa kulankhula pafoni.

Za chakudya, nyumba yakale kwambiri ingakhale ndi zokhwasula zokha: tchipisi cha m'mapaketi, mtedza, chikopa cha nkhumba chokazinga ndi mazira owiritsa osungidwa mu viniga. Kumene kuli khitchini, chakudya mumaitanitsanso pakauntala mutatchula nambala ya tebulo lanu, ndipo khitchiniyo imatseka nthawi ya mowa isanathe. Ploughman's lunch, mbale ya buledi, tchizi ndi anyezi wa mu viniga, imaoneka ngati chakudya cha makolo akale, koma dzinalo linafalitsidwa ndi otsatsa tchizi m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Lamulungu masana ndi nthawi ya nyama yowotcha mu uvuni, ndipo pamafunika kusungitsiratu tebulo. Masewera akale monga darts (kuponya timivi pabolodi), dominoes ndi skittles (kugwetsa timitengo ndi mpira) adakalipo, ndipo musadutse pakati pa woponya darts ndi bolodi lake.

Malamulo ofunika ndi ochepa. Wogula mowa ayenera kukhala wa zaka 18, ndipo amene akuoneka wosakwana zaka 25 angafunsidwe chiphaso, choncho mlendo wachinyamata atenge pasipoti. Wa zaka 16 kapena 17 angamwe mowa, vinyo kapena cider (chakumwa choledzeretsa cha maapulo) pa chakudya cha patebulo ngati wagula ndi munthu wamkulu amene ali naye limodzi. Ana amaloledwa m'ma pub ambiri akakhala ndi wamkulu, koma mwini nyumba amaika nthawi yoti atuluke madzulo. Kusuta fodya m'kati kunaletsedwa ku England pa 1 July 2007, ndipo osuta amatuluka panja, tambula yawo ataivundikira ndi kakatoni koikapo matambula posonyeza kuti abweranso.

Belu lomaliza

Maola a pub anafupikitsidwa pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, boma likuopa kuti ogwira ntchito m'mafakitale a zida aziledzera, ndipo lamulo lotseka masana linakhalapo mpaka mu 1988, ndipo la tsiku Lamulungu mpaka mu 1995. Kuyambira mu 2005 pub iliyonse ili ndi maola ake a pa laisensi, komabe zambiri zakale zimasungabe 11 koloko usiku, ndipo Lamulungu zimafulumirako. Mphindi khumi nthawiyo isanakwane mudzamva belu ndi mfuu yakuti "last orders", umene ndi mwayi womaliza wogula. Belu lachiwiri likalira kauntala yatsekedwa, ndipo mwatsala ndi mphindi pafupifupi 20 zomalizira chimene chili m'tambula. Kuchonderera panthawiyi n'kungotaya mawu, chifukwa laisensi ya mwini nyumba ndiyo ili pachiswe.

Konzeranitu za ulendo wobwerera musanamwe painti yoyamba. Painti imodzi ya mowa wa 4 peresenti ili ndi mayuniti 2.3 pa kawerengedwe ka ku Britain koyezera kuchuluka kwa choledzeretsa m'chakumwa, pamene malangizo a zaumoyo a dzikolo amati munthu asapyole mayuniti 14 pa sabata. Malire a woyendetsa galimoto ku England ndi mamiligiramu 80 a mowa pa mamililita 100 a magazi, ndipo mapainti awiri angamupyoletse munthu malirewo, choncho galimoto isiyeni. Kumidzi basi yomaliza imadutsa msanga ndipo takisi imafunika kuitanitsiratu, ndipo wogulitsa amakhala ndi nambala yake mukamufunsa. Ponyamuka, tengani matambula anu opanda kanthu mukawasiye pakauntala, thokozani wogulitsa, ndipo tulukani mwakachetechete, pakuti ma pub ambiri akale ali khoma ndi khoma ndi nyumba za anthu amene agona kale.